Mutu 7: Mzime Asiya Bambo Ake Okha

1. Ntchito ya masana

Chidwalireni bambo ake, Mzime sankazengerezanso pageti la sukulu. Belu lomaliza likangolira, iye ankakoleka chikwama n'kuuyamba wa kunyumba, anzake akadali kuseka pansi pa mtengo.

Dzina lakuti Mzime linamukanirira chifukwa ndiye anali wotsiriza kubadwa. Akulu ake awiri anakwatiwa kutali, choncho pakhomo panatsala anthu atatu: iye, mayi ake ndi bambo ake.

Bambo akewo anali telala. Anali ndi kashopu pafupi ndi msika, ndipo anthu ankawadziwa ndi zinthu ziwiri, masuti okhala bwino ndi kuimba. Makina akamalira, iwonso ankaimba, mpaka ogulitsa nsapato a khomo linalo ankawapempha nyimbo ngati ndi wailesi.

Tsiku lina m'mawa anagwa pampando, sizasi ili m'manja. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Dzanja lamanja linafooka, mwendo unalemera, pakamwa panapotoka, ndipo mawu anathawa. Anangotsala ndi "eya", "ayi", ndi "Mzi" poitana mwana wawo.

Kashopu kaja anakatenga wina. Makina osokera anabwera kunyumba, n'kuwafunditsa nsalu yakale pakona ya pabalaza.

Mayi ake ankagwira ntchito kufakitale ya sopo, kuyambira masana mpaka madzulo. Ndiye awiriwa ankalandirana pakhomo ngati alonda, wina akulowa wina akutuluka. Ntchito ya Mzime inali kuwapatsa bambo ake tiyi, kuwamwetsa mankhwala, kenako kuwayendetsa m'kanjira ka m'kati mwa nyumba, kuchokera kuchipinda kulowera kukhitchini.

Akamaliza zimenezi ankatsegula laputopu yakale ya bambo ake, imene kale ankaonetserapo makasitomala masitayilo a zovala. M'menemo munali gemu imene ana a sukulu ankaitchula kuti Timoyo. Mu gemuyi munthu amamanga nyumba, n'kuumba tianthu, n'kumatiuza zochita: kudya, kusamba, kugona, kucheza.

Mzime anaumba banja lawo lomwe. Anaumba mayi ake ndi mpango wawo wobiriwira wa kumutu, anadziumba yekha, anaumbanso bambo ake ndi dazi lawo, tepi yoyezera ili pakhosi. Bambo a mu gemuwo ankayenda ndi miyendo yonse iwiri.

Gemuyo payokha sinkachedwa kutopetsa. Koma eni ake ankatulutsa zowonjezera zimene ana ankati mapaketi, ndipo paketi iliyonse inkabweretsa zatsopano. Mzime anali nawo kale angapo, onse opatsidwa ndi mnzake wa m'kalasi. Paketi ya nyengo inabweretsa mvula ndi maambulera. Ya ziweto inabweretsa kagalu koyera. Imene ankaikonda koposa inali ya ntchito, chifukwa ndi imeneyo anawamangira bambo ake shopu ya mawindo aakulu, ya makina atatu, yodzaza makasitomala tsiku lililonse.

Nthawi ina anawaonetsa bambo ake enieni shopuyo. Iwo anayang'ana kwa nthawi yaitali, nakhudza galasi la laputopu ndi chala cha kumanzere pamene panali makina. Kenako anatembenuzira nkhope kukhoma. Kuyambira pamenepo Mzime ankasewera atawafulatira, mawu atatsitsa.

2. Mawu a mayi a mafizo

Tsiku lina Mzime atafika anapeza mlendo m'nyumba. Anali mayi a mafizo, amene ankabwera kamodzikamodzi kuchokera kuchipatala kudzaona mmene wodwala akuyendera. Anali mayi onenepa, oseka msanga, koma osabisa mawu.

Bambo ake anali chiimire m'kanjira, atagwira choyendera cha chitsulo cha miyendo inayi, thukuta lili kamukamu. Anali atafika pachitseko cha khitchini, pamene anali asanafikepo chidwalireni.

"Wawaona bambo akowa?" anatero mayi a mafizo. "Atsala pang'ono kuyamba kuba shuga m'kabati."

Bambo aja anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. "Eya," anatero.

Mayi ake a Mzime anali pafupi, maso ali ndi misozi koma akumwetulira. "Akayamba kuyenda, makina aja tiwavundukula," anatero. "Kupalasa angathe ndi mwendo wa kumanzere. Ine ndiziwadulira nsalu."

"Zonsezo n'zotheka," anayankha mayi a mafizo. "Bola tiyende nawo bwino."

Atawakhazika pampando pabalaza, mayi a mafizo anamukokera Mzime kukhitchini n'kutseka chitseko.

"Mwana wanga, undimvetsere bwino, chifukwa amene umakhala nawo masana ndiwe. Matendawa ali ndi nyengo yake. Miyezi yoyambirirayi ndi imene thupi limaphunziranso zimene linaiwala. Ikadutsa, mwendo umauma pomwe wafikapo, ndipo ngakhale ine nditamabwera tsiku lililonse sindingaubwezenso. Ndiye usadumphitse tsiku. Lero ayenda kamodzi ndi ine, dzuwa likapendeka ayendenso ndi iwe.

"Koma chachikulu ndi ichi. Panopa ndiye pamene pali poopsa. Munthu wongokhala chigonere sagwa. Amagwa ndi amene wayamba kumva mphamvu, chifukwa mtima umathamanga kuposa miyendo. Bambo akowa mtima wawo wayamba kuthamanga, ndawaona m'maso. Ukawasiya okha adzayesa kuimirira, ndipo pamsinkhu wawowu kugwa sikukhala kungosupuka bondo. Ndaona anthu amene anayamba kuyenda bwinobwino, n'kugwa kamodzi kokha, osadzukanso pabedi. Ukafuna kupita ngakhale kugolosale, uyambe wagogoda kwa aneba adzakhale nawo. Wamva?"

"Ndamva," anatero Mzime.

"Wamva ndi makutu okha, kapena wamva ndithu?"

"Ndamva ndithu."

Potuluka m'khitchinimo anapeza mayi ake akuvala nsapato pakhomo, yunifomu ikununkhira sopo wa dzulo. "Mankhwala ali pamwamba pa firiji," anatero. "Aneba alipo, ndawaona akuchapa. Ine ndachedwa." Anatuluka limodzi ndi mayi a mafizo.

3. Foni ya Sipika

Tiyi asanazizire, foni ya Mzime inalira. Anali mnzake uja wa mapaketi. M'kalasi ankamutcha Sipika, chifukwa ngakhale akamanong'ona, a benchi lakumbuyo ankamva zonse.

"Iwe, siya chilichonse ukuchita. Yatuluka paketi ya nyimbo. Msuweni wanga ali nayo pa fulashi, koma akubwerera kukoleji lero lomwe. Tili kwa a Mawaya. Bwera ndi laputopu."

"Sindingachoke. Ndili ndi bambo."

"Ndi pafupi pomwepa. Kuika paketi n'chiyani? Madzi a tiyi sangawire n'komwe. Mzime, anthu ake amaimba. Umawasankhira mawu, aakulu kaya aang'ono, n'kuwapatsa gitala. Bambo ako a mu shopu aja akhoza kumaimba akusoka."

Mzime anayang'ana pampando. Bambo ake anali akulimbana ndi kapu, kuikweza ndi dzanja lamanzere, tiyi wina akutsikira m'chibwano.

"Ndikubwera," anatero motsitsa mawu.

Anawapukuta, anawamwetsa mankhwala, n'kuwayatsira wailesi yakanema. Anaika botolo la madzi pafupi ndi dzanja lawo labwino. Anawafunsa ngati akufuna kuchimbudzi, iwo anati ayi. Kenako bambowo analoza choyendera chija.

"Tiyenda ndikabwera, bambo. Ndikupita pamsewupa, sindichedwa."

"Mzi."

"Mwatopa kale lero. Pumulani kaye."

"Ayi," anatero bambo aja, akulozabe.

Mzime ananyamula choyenderacho n'kukachiimika kuseri kwa makina osokera kuti asachifikire. Sanawayang'anenso kumaso.

Panja, aneba anali atawerama pa beseni, atafulatira khomo. Mzime anaima pang'ono. Akanawapempha, anebawo akanafunsa kumene akupita, ndipo madzulo mayi ake akanamva zonse. Anatseka mawu a foni kuti isamuulule, anakoka chitseko mwakachetechete, n'kudutsa kuseri kwa zovala zoyanika, laputopu ili m'chikwama.

4. Kwa a Mawaya

Shopu ya a Mawaya inali pakati pa malo ometera tsitsi ndi ogulitsira matayala. Munali mopanikiza, monunkha mtovu wosungunuka, mashelefu atadzaza mafoni osweka magalasi ndi makompyuta otsegulidwa pamimba. Mwini wake anali bambo a imvi, ovala magalasi awiri, ena pamphuno ena pachipumi. Ana a sukulu ankawadalira chifukwa ankadziwa kuika magemu osasokoneza zina.

Sipika ndi msuweni wake anali atakhala pa benchi. Msuweniyo anali mnyamata wamtali wa kukoleji, ndipo anali akudzitama kuti mapaketi ali nawo onse.

"Ya maulendo ndiye musanene," ankatero. "Banja lonse limakwera ndege, kukagona kuhotela, kukakwera mapiri. Ya koleji nayo ilipo, mwana amachoka pakhomo n'kukabwera ndi digiri."

"Mwa onsewo umasewera angati?" anafunsa a Mawaya, maso ali pa waya amene ankalumikiza.

Mnyamatayo anakanda m'mutu. "Awiri kapena atatu. Enawo amangokhala."

A Mawaya analandira laputopu ya Mzime, naitsegula, nayang'ana za m'kati mwake, n'kupukusa mutu.

"Iyi ndi ya atelala aja, eti? Ndinaikonzapo. Akupeza bwanji?"

"Akuyesera," anatero Mzime.

"Ali ndi ndani panopa?"

"Ali ndi aneba."

"Chabwino. Koma ndisanaike, undimvere, chifukwa ndatopa ndi ana obwera kuno akulira. Mapaketiwa sindiwanyoza ayi. Amene amawapanga ndi anthu aluso. Gemu yopanda paketi ukaisewera mwezi umodzi, tianthu take timangodya n'kugona ngati nkhuku za m'khola. Paketi ikalowa, dziko limakula, mwana amayamba kuganiza. Ndikudziwa mtsikana wina amene anayamba kujambula mapulani a nyumba chifukwa cha paketi ya zomangamanga, ndipo lero akuphunzira zomwezo. Imeneyo ndi mbali yabwino, sindiibisa.

"Koma taona mbali inayo. Zambiri zimene amaika m'paketi n'zimene anayenera kuika mu gemu pachiyambi pomwe. Amakupatsa nyumba yopanda zitseko, kenako n'kumakubweretsera chitseko chimodzichimodzi, iwe n'kumathokoza. Ndiye paketi imakoma sabata yoyamba yokha. Kagalu kaja unabwera kudzakalirira kuno, unakadyetsa liti komaliza? Eni ake amadziwa kuti yakale yazizira, n'chifukwa chake amatulutsa ina. Paketi yomaliza sidzakhalako.

"Chinanso, mapaketiwa sagwirizana okhaokha. Ukaika iyi, ija imayamba misala: munthu kulowa m'khoma, mbale kuyandama m'mwamba, mvula kugwa m'chipinda. Makina akowa ndi okalamba, iwe ukuwasenzetsa katundu wa lole. Ndipo m'katimu malo atha. Kuti ya nyimboyi ilowe, ina ituluke, yaikulu ndithu. Kuchotsa ya kagalu sikuthandiza. Yoti ichoke ndi ya ntchito."

"Ya ntchito ayi," anatero Mzime msangamsanga. "Muli shopu ya bambo."

"Ndiye isiye ya nyimboyo, unyamule laputopu uzipita. Ine ndikanakhala iwe ndikanatero."

"Basi yanga sidikira munthu," anatero msuweni wa Sipika, akuyang'ana foni yake.

"Shopu udzamanganso," anatero Sipika. "Koma fulashiyi ikapita, nyimbo udzaipeza kuti?"

Mzime anayang'ana galasi la laputopu, kenako fulashi imene inali patebulo. "Chotsani ya ntchito," anatero.

A Mawaya anatsitsa magalasi a pachipumi, n'kulowetsa fulashi ija.

Kamzere kabuluu kanayamba kuyenda pagalasi. Kanathamanga mpaka pakati, n'kuima. Wometa tsitsi wa khomo linalo anamaliza mutu wina, nayamba wina, kamzereko kali pomwepo. Kenako laputopu inazima yokha chifukwa chotentha. A Mawaya anaiika patsogolo pa fani kuti izizire, n'kuyambiranso.

Mthunzi wa shopu unawoloka msewu. Mzime anaimirira, anakhala pansi, anaimiriranso.

"Mwana iwe," anatero a Mawaya, "makinawa asiye, udzawatenga mawa. Fulashi ikamaliza ntchito ndimupatsa mwini wake. Aneba nawo ali ndi zawo zochita."

"Kwatsala pang'ono, taona," anatero Sipika, akumukoka siketi.

"Ndingowamva kamodzi kokha akuimba," anatero Mzime, n'kukhalanso pa benchi.

5. Nyimbo yake

Pomaliza gemu inatseguka, ndipo onse anaunjikana patebulo.

Pamene panali shopu ya mawindo aakulu panali bwalo la udzu. Makina aja kunalibe, makasitomala kunalibe. Bambo a mu gemu anali chiimire pakati pa udzuwo, tepi itachoka pakhosi, ndipo pamwamba pa mutu wawo panalembedwa kuti alibe ntchito.

"Usadandaule, apatse gitala," anatero Sipika.

Mzime anawasankhira mawu aakulu, onga a bambo ake enieni, n'kudina kuti aimbe. Pakamwa panatseguka, mawu n'kubwera mochedwa pang'ono. Sanali mawu a chinenero chilichonse, linali phokoso lokoma chabe lopanda tanthauzo. Komabe poyamba zinali zosangalatsa ndithu. Tianthu ta mumsewu tinaima n'kumaomba m'manja, kagalu koyera kanavina, ndipo Mzime anaseka mpaka kugwira pakamwa.

Nyimbo itatha anadina ina. Inali yofanana ndi yoyamba, kungoti yofulumira. Anadina yachitatu, inali yomweyo yochedwa. Kenako wapositi wa mu gemu, amene ankangodutsa, anayamba kuimba nyimbo yomweyo ndi mawu omwewo. Mayi a mpango wobiriwira nawonso anayamba, ndi mawu aakulu achimuna omwewo. Sipika anaseka mpaka kugwira m'mimba, koma Mzime anali atasiya kuseka.

Mvula ya paketi ya nyengo itayamba, zonse zinasokonekera. Bambo aja anatambasula manja ngati choopsezera mbalame, gitala italowa m'chifuwa, n'kuuma pomwepo. Mzime anadina kuti ayende. Sanayende. Anadina kuti alowe m'nyumba, kuti adye, kuti akhale pansi. Anangoti njo pamvula.

"Zotere eni ake amadzakonza," anatero a Mawaya. "Pakapita nthawi amatumiza kachigamba. Nthawi zina satumiza."

"Bwezerani ya ntchito ija."

"Paketi ndikhoza kubwezera. Koma shopu unamangayo yapita, sibwereranso."

Mzime anatseka laputopu. Potsegula chikwama kuti aiikemo, anaona foni ikuthwanima pansi pa mabuku. Mayi ake anali atamuimbira kambirimbiri, aneba nawonso, ndi nambala ina yosaidziwa.

Sanatsanzike aliyense. Anatuluka chothamanga, n'kutsala pang'ono kuombana ndi mulu wa matayala.

6. Pakhomo

Chitseko cha kwawo chinali pululu. Wailesi yakanema inali ikulankhula yokha. Pampando wa bambo ake panalibe munthu, ndipo botolo la madzi linali litagubudukira pansi pa tebulo. Nsalu yofunditsa makina osokera inali itakokedwa mpaka pansi. Choyendera chinali chitagona chammbali pafupi ndi khomo, silipasi imodzi ili pambali pake.

Amuna awo a aneba anatulukira, kiyi ali m'manja.

"Wabwera," anatero. "Mayi a kunyumba anamva chinthu chikugwa, ankayesa ndi mpando. Atamva kubuula ndi pamene anabwera kudzasuzumira. Anawapeza apa." Analoza pamene panali silipasi. "Mmene anachifikira chitsulochi kuseri kwa makinako, palibe akudziwa. Ayenera kuti anayenda chogwira khoma. Atachitenga sanalowere kukhitchini ayi, analunjika kuchitseko cha panja. Mwendo wa chitsulo unakodwa pa chopondera cha pakhomo."

"Ali moyo?"

"Ali moyo. Tawanyamula pa galimoto ya bambo a pagolosale. Ukawapeza kuchipatala chachikulu. Siya chikwamacho, ndikhoma ndine."

Mzime anaika chikwama pansi, anazimitsa wailesi yakanema, n'kutuluka. Mu basi anthu ankakangana za mpira, ndipo kondakitala anachita kumugwedeza paphewa kuti atsike, chifukwa sanamve pamene anafika.

7. Pa benchi la kuchipatala

Dzuwa linali litatsala pang'ono kulowa. Mayi ake anali pa benchi lalitali panja pa wodi, akadali m'yunifomu ya kufakitale, kaneti ka tsitsi kali kumutu. Pambali pawo panali aneba, atavala nsapato zosiyana chifukwa cha changu.

Mzime anaima patsogolo pawo. Ankayembekezera mbama, kapena kukalipiridwa mpaka anthu kutembenuka. Mayi ake anangomuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Unali kuti?"

"Kwa a Mawaya."

"Kukatani?"

"Kukaikitsa paketi ya gemu."

Mayi aja anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa zinthu m'chinenero chachilendo. Kenako anasendera kumbali. "Khala pansi," anatero. Foni yawo inalira, ndipo anaiyankha motsitsa mawu, akubwereza zimene Mzime ananena.

Dokotala anatuluka atanyamula chithunzi cha mafupa. Anachikweza kolowera kuwala n'kuwalozera pamene fupa la m'chiuno linathyoka. Anati pafunika opaleshoni, ndipo kwa munthu amene wadwala kale sitiroko, opaleshoni yotere ndi yoopsa. Anati ngakhale iyende bwino, adzagona nthawi yaitali.

"Nanga kuyenda?" anafunsa mayi ake a Mzime. "Lero lomwe anafika kukhitchini."

Dokotala anatsitsa chithunzi chija. "Mayi, tiyeni tiyambe taona za opaleshoniyi. Za kuyenda sindikulonjezani."

Atangochoka, kunamveka nsapato zogogoda m'khonde. Anali azakhali a Mzime, alongo awo a bambo ake, amene anali atabwera m'tawunimo kudzagula katundu wa bizinesi yawo. Kuyambira pachiyambi iwo ankanena kuti wodwalayo apite kwawo akamusamalire okha, koma mayi ake a Mzime ankakana. Azakhaliwo sanapereke moni. Anaima patsogolo pa Mzime, chikwama chili m'khwapa.

"Ndamva zonse pafoni, usavutike kufotokoza. Ine sindikumenya, ndipo sindikutukwana. Ndingokuuza zimene sukuzidziwa. Iwe uli wakhanda unadwala chifuwa, mpaka madokotala anagwa nawe mphwayi. Mlongo wangayu anatseka shopu pa nyengo ya maukwati, makasitomala n'kuthawira kwa ena, iye ali nawe pachifuwa m'chipatala chomwe chino, kukuimbira kuti upume. Mayi ako ali apawa, afunse ngati ndikunama. Sanakusiye ndi botolo la madzi n'kumapita.

"Ana inu mumati tikamalankhula ndiye kuti sitidziwa zamakono. Zoona, ine gemu sindiidziwa. Koma ndikudziwa kuti anthu a m'galasimo ukawasiya umakawapeza mmene unawasiyira. Munthu wamoyo sakhala choncho. Amamva ludzu, amachita mantha, amaona dzuwa likupendeka mwana wake asanabwere, amadzuka kukamufuna ngakhale miyendo ilibe mphamvu. Fupa limenelo silibwerera chifukwa choti walira. Ndiye misoziyo pukuta, isunge, udzaifuna kutsogoloku."

Kenako anatembenukira kwa mayi ake a Mzime. "Alamu, ine ndinanena. Inu mumakhala kuntchito, ndipo mwanayu ndi mwana. Akatuluka muno, ngati atuluke, mlongo wanga ndikumutenga. Kwanga kuli anthu tsiku lonse. Nkhaniyi sitikambirananso."

Kwa azakhaliwo kunali kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Mzime anayang'ana mayi ake, kudikira kuti akane monga ankakanira nthawi zonse. Mayi akewo anavula kaneti ka tsitsi, anakapinda, n'kukapindanso mpaka kanachepa m'dzanja.

"Ndamva, alamu," anatero.

Aneba anadzuka n'kupita kukaima pawindo.

Anthu ankadutsa ndi mabasiketi a chakudya, wina ankakolopa kumapeto kwa khonde, magetsi anayaka. Patapita nthawi chitseko cha wodi chinatseguka, ndipo namwino anasuzumira. Mayi ake ndi azakhali anaimirira limodzi.

"Tikufuna kupita nawo kokachita opaleshoni, koma akukana," anatero namwinoyo. "Agwira chitsulo cha bedi ndi dzanja labwinolo, sakusiya. Tawafunsa ngati akufuna akazi awo, apukusa mutu. Alongo awo, apukusanso. Mwana wawo alipo pano?"

Onse anatembenukira kwa Mzime.

"Akwiya?" anafunsa azakhali.

Namwinoyo anati, "Nkhope yawo sindikuimvetsa, kaya ndi mkwiyo kaya ndi mantha. Koma alowe yekha, ndipo afulumire. Adokotala akudikira."

"Pita," anatero mayi ake, osamuyang'ana.

Mzime anaimirira. Namwino anamugwirira chitseko. Kumapeto kwa wodi, kuseri kwa nsalu yotchinga bedi, kunkamveka chitsulo chikugwedezeka, ndipo iye anayamba kuyenda kulowera komweko.